Tinapangana pa Mtengo

Kwathu ampulifaya timaidziwira pa ukwati. Ndi chibokosi chakuda chija anyamata a zoimbira amachikhazika pa tebulo pansi pa tenti, nthambo zili balala, n'kuchilumikiza ku masipika aatali ngati munthu. Ikakwana nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo akakuwa kuti akuchikazi aimirire, mudzi wachitatu umamva. Ya ku msonkhano wa chipani ndi yomweyo, ya ku chitsitsimutso ndi yomweyonso. N'chifukwa chake zipangizo zonsezi tinangozimanga mtolo umodzi n'kuzitcha zokuzira mawu, ndipo aliyense akamva za ampulifaya funso lake limakhala limodzi: imalira bwanji?

Koma kuli mtundu wina, kabokosi kosaposa buku la nyimbo za m'tchalitchi, kamene sikakuwira mudzi. Kamatumikira makutu awiri basi. Kameneka ndinakasakasaka miyezi ingapo muno mu Johannesburg, ndipo funso lija la kulira silinandithandize paliponse.

Ntchito imene imandilipirira lendi ku Rosettenville ndi yomvetsera akuluakulu. Ochita kafukufuku ndi opanga mafilimu amapita ku Dedza, ku Ntcheu, ku Dowa, kukajambula mawu a madala amene ankakumba golide kuno ku Joni, kenako amanditumizira kuti ndilembe zonenedwazo m'Chichewa n'kuzimasulira m'Chingerezi. Madalawa ndi otsala a khamu lalikulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya dziko lino, ambiri atabwera kudzera ku Wenela. Mu April 1974 ndege yowabwezera kwawo inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya m'migodi. Njira inatsegulidwanso mu 1977 pa dzina latsopano la TEBA, limene kwathu timati Theba, n'kudzatsekekanso mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Amene ananyamuka ali ndi zaka 20 mu 1972 lero anadutsa kale 70. Ambiri a iwo sadzajambulidwanso. Chimene ndalemba ine ndicho chidzalowe m'buku kapena pansi pa chithunzi mufilimu, ndipo wowerenga wa ku London alibe njira yobwerera pakhonde paja kukafunsa kuti, "Agogo, paja munati chiyani?"

Zojambulidwazo sizichokera mu situdiyo. Mkulu wakhala pa mkeka, maikolofoni ili pa mpando chapatali, nkhuku zikutetera, wina akusinja kuseri kwa nyumba. Mano anatha. Akafika pa nkhani yowawa mawu amatsika mpaka kunong'ona, ndipo akakumbukira kapitawo wina woseketsa phwete limaphulika mosachenjeza. Chichewa nachonso sichikhululukira khutu laulesi. Kampweya kakang'ono kotsatira k ndiko kamasiyanitsa kama ndi khama. Kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene m'kalembedwe kathu sitikuonetsa n'komwe, ndiko kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika, khungu la pathupi ndi khungu la m'maso. Ngakhale "anabwera" ali pawiri: kamvekedwe kena ndi ka lero lomwe, kena ndi ka kalekale.

Mahedifoni anga ndinagula kwa mkulu wina wojambula nyimbo amene ankatseka kasitudiyo kake. Ndi a Beyerdynamic DT 880, opangidwa ku Heilbronn m'dziko la Germany, mtundu umene okonda kumva nyimbo mwatsatanetsatane amaulemekeza kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Amabwera pa milingo itatu: ma ohm 32, 250 ndi 600. Anga ndi a 600. Pondipatsa, mkuluyo anandiuza kuti foni siingawakwanitse amenewa, ndikawapezere ampulifaya yawoyawo.

Nambala imeneyi akatswiri amaitcha impedance, mawu amene Chichewa sichinawapatsebe dzina. Ine ndimaimva kudzera m'madzi. Ndinaphunzira ku Zomba, kumene madzi amatsika okha kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Mphamvu yokankha madziwo imachokera ku kutalika kwa kumene akuchokera, ndipo pa magetsi imeneyo imayezedwa m'ma volt. Sindingalembe kuti mavoti, mungayese ndayamba zachisankho. Impedance ndiye kupapatiza kwa paipi. Timahedifoni tam'khutu togwiritsa pa foni, ta ma ohm 16 kapena 32, ndi paipi yotakata: ngakhale thanki ili pansanja yaifupi madzi amayenda, koma imamwa madzi ambiri. Mahedifoni a ma ohm 600 ndi paipi yopapatiza. Safuna madzi ambiri, amafuna kuti madziwo achokere pamwamba.

Sanawapange choncho pofuna kuzunza anthu. Mkati mwa hedifoni muli kakoyilo ka waya kamene kamagwedeza kachikopa kopyapyala kuti katulutse mawu. Waya akakhala woonda kwambiri amazengedwa maulendo ambiri koma koyilo n'kukhalabe yopepuka, ndipo waya woonda wautali ndiye amakweza ma ohm. M'masitudiyo ndi m'nyumba zoulutsira mawu munali chifukwa chinanso: oimba asanu kapena khumi ankalumikiza mahedifoni awo pa ampulifaya imodzi, ndipo mapaipi opapatiza ambiri sangaumitse thanki ngati mmene akanachitira otakata.

Tsono funso loyenera kufunsa m'sitolo ndi lakuti, pa ma ohm 600 ampulifaya iyi imafika ma volt angati? Masamu ake ndi a fomu 2. Kampani imati mahedifoniwa amatulutsa ma decibel 96 akapatsidwa milliwatt imodzi. Kuwirikiza mphamvu kawiri kumawonjezera ma decibel 3, kuwirikiza kakhumi kumawonjezera 10. Ine ndinkafuna kuti denga likhale pa 110. Palibe amene angamvetsere pamenepo tsiku lonse, koma phwete la mkulu uja limafuna malo oti lidumphire osagunda malata. Kuchoka pa 96 kufika pa 110 ndi kuwirikiza maulendo 25, ndiye ma milliwatt 25. Mphamvu imapezeka pochulukitsa ma volt ndi ma volt omwewo n'kugawa ndi ma ohm. Mukatembenuza samuyo, ma milliwatt 25 pa ma ohm 32 safuna ngakhale volt imodzi yathunthu. Pa ma ohm 250 amafuna ma volt 2.5. Pa 600 amafuna pafupifupi 4.

Malaputopu ndi mafoni ambiri amathera cha pa volt imodzi. Kanthambo ka Apple kolumikizira mahedifoni ku foni kamapereka volt imodzi ngati ndi kogulitsidwa ku America, ndipo ka ku Ulaya kamapereka theka lake. Pa volt imodzi mahedifoni anga amafika ma decibel 98 pamwamba penipeni, zomwe zikumveka ngati zambiri mpaka mutakumbukira kuti kunong'ona kwa mkulu m'zojambulidwa zanga kumakhala ma decibel 25 kapena 30 pansi pa dengalo. Pamenepo mawu akupikisana ndi hutala ya minibasi mumsewu, ndipo mahedifoniwa ndi otsegula pang'ono kumbuyo, phokoso la kunja limalowa. Pa kompyuta ndingathe kukweza chigawo chonong'onacho, ndipo ndimatero ndithu, koma ndikakweza zonse pamodzi, chifuwa cha mkulu chikangoti khoso, mawu amaphwanyika ngati sipika yong'ambika.

Ndinayamba ndi masitolo a zamagetsi a m'tauni ndi a cha ku Fordsburg, kumene ife ochokera kumpoto kwa Limpopo timagula katundu wotumiza kumudzi pa basi. Pa makatoni panalembedwa ma watt 2000, ena 5000. Ogulitsa, anthu aulemu ndithu, ankandifunsa kukula kwa holo. Ndikati ndikufuna ma milliwatt 25, gawo limodzi mwa magawo 40 a watt imodzi, ankaseka n'kundiloza ku shelefu ya timahedifoni ta foni. Chibowo cha mahedifoni pa zimaampulifaya za maukwati zija chimakhalapo, koma opanga sachiganizira kwenikweni. Mukalumikiza, musanaike nyimbo iliyonse, mumamva kale kuti sssss, ndipo kampweya ka kh kamamira momwemo.

Kenako ndinakwera kumpoto kwa mzindawu, ku masitolo oyalidwa kapeti kumene amakupatsa khofi usanagule kanthu. Kumeneko ma ohm amawadziwa. Mnyamata wina anandikhazika pa mpando wachikopa n'kulumikiza mahedifoni anga ku ampulifaya ya mavavu, timababu tija tinali m'mawailesi akale, tikuyaka chikasu ngati makala. Ndisaname, inali yokoma. Gitala ankamveka wonona, mawu a woimba ali pafupi ngati akukupumira m'khosi.

Apa m'pamene pali nambala yachiwiri imene ambiri saiyang'ana. Ampulifaya nayo ili ndi impedance yakeyake potulukira mawu. Lamulo la pakamwa limati isapose gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya mahedifoni. Ikaposa, imalephera kugwira bwino kachikopa kaja, ndipo mawu apansi amafufuma n'kutaya mpangidwe. Pa ma ohm 600 malire ndi 75, pa ma ohm 32 malire ndi 4 okha. Maampulifaya ambiri a mavavu opanda thiransifoma potulukira amakhala cha m'ma ohm 100 kapena kuposa. N'chifukwa chake amagwirizana ndi mahedifoni ngati Sennheiser HD 600 ndi HD 650, a ma ohm 300, kapena angawa, koma amasokoneza a ma ohm ochepa. Kunona kuja mbali ina kumachokera pamenepa, mbali ina ku mavavu enieniwo, amene amathira timawu tawo pa mawu olowa. Wokonda nyimbo ali ndi ufulu wothira shuga mu tiyi wake mmene akufunira. Koma ine ndimalipidwa kuti ndinene zimene mkulu wanena, ndipo chipangizo chimene chikuwonjezerapo zake ndimachiona ngati womasulira m'khoti amene akukometsa mawu a mboni. Mtengo wakenso unali lendi ya miyezi itatu.

Ndinenepo kuti si aliyense amene akufunika kugula kanthu. Kuyambira mu 2021 ma MacBook Pro amazindikira okha mahedifoni a ma ohm 150 mpaka 1,000 n'kuwapatsa ma volt 3, amene pa mahedifoni anga angafike cha pa ma decibel 108. Amene ali nayo kale laputopu yotere angoyamba walumikiza n'kumva. Yanga ndi yakale, ndipo kugula laputopu chifukwa cha chibowo chimodzi kuli ngati kugula ng'ombe chifukwa wasowa chingwe.

Zotsala zinali timabokosi ting'onoting'ono topanda mavavu, tochokera ku America ndi ku China. JDS Labs Atom ndi Schiit Magni zinkayambira cha pa madola 100, zimadutsa ma volt 4 mosavutikira, ndipo impedance yake potulukira siikwana ohm imodzi. Pa pepala nkhani ikanathera pomwepa. Koma pepalalo linalembedwera munthu wokhala kwina. Magetsi a kuno ndi a ma volt 230, ofanana ndi a kwathu, pamene a ku America ndi a 120. Chopulagira cha timabokosi tina mwa iti ndi thiransifoma yopangidwira magetsi a dziko limodzi lokha, ndiye ukaitanitsa osasamala, imapsa tsiku loyamba. Pa madola aja uwonjezerepo zotumizira, msonkho wa pa chipata, ndi VAT ya 15 peresenti.

Ndiye pali mdima. Mu 2023 magetsi m'dziko lino ankazimitsidwa mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse, maola awiri kapena anayi nthawi imodzi. Zinthu zinadzasinthako, koma amene anadutsamo sagulanso chipangizo osafunsa kuti chidzatani magetsi akapita. M'nyumba imene ndimachita lendi muli inveta yotchipa. Imayatsa mababu ndi kutchaja laputopu bwinobwino, koma magetsi ake sayenda mosalala ngati a pa mzere, amayenda modumphadumpha, ndipo zomvetsera zimatolako kulira kwa njuchi. Magetsi athu amagwedezeka maulendo 50 pa sekondi, ndipo kulirako kumamveka pa 50, pa 100, pa 150, kumangokwera choncho. Liwu la mwamuna wamkulu limakhala pakati pa 85 ndi 180. Kukwera ndi kutsika kwa Chichewa cha madala anga kuli m'munda momwemo mwa njuchizo. Apa ndinatsimikiza kuti ampulifaya yanga iyenera kutha kuyenda pa mabatire, itachotsedwa kukhoma.

Imene ndinapeza ndi yakale, yogula kwa munthu: Objective2, imene ambiri amangoti O2. Anaikonza mu 2011 injiniya wina wobisa dzina, wodzitcha NwAvGuy, atakwiya ndi mitengo ndi mabodza a malonda a zomvetsera. Mapulani ake anawapereka poyera kuti aliyense azipanga, ndipo chaka chotsatira anangoti zii osamvekanso. Imayendera mabatire awiri a ma volt 9 otchajidwa, impedance yake potulukira ndi yosakwana ohm imodzi, ndipo ngakhale pa mabatire imafika ma volt 4 anga aja. Mwini wake woyamba anabwera nayo kuchokera ku America, choncho chopulagira chake chinali cha 120.

Ndinapita nayo kwa achimwene ena a ku Mangochi amene amakonza mawailesi ndi ma TV m'kachipinda ka kuseri kwa saluni, kufupi ndi kwathu. Anaitsegula, n'kuyang'ana mkati nthawi yaitali.

"Achemwali, ichi anapanga ndi munthu woganizira anzake," anatero. "Chilichonse chikuoneka ndi maso, chilichonse ndingachichotse ndi chowotcherera changachi. Za masiku ano zikafa n'kutaya."

"Nanga chopulagira, achimwene? Chikufuna ma volt 16 a AC. Ndiitanitse kunja?"

Anaseka. "Kunja kukatani? Mu Joni muno nyumba iliyonse ili ndi alamu ya akuba. Alamu imadya chiyani?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa thiransifoma ya alamu, ya ma volt 16 a AC, yopangidwira magetsi a konkuno. Mantha a mzinda uno ndiwo amatchaja mabatire anga mpaka lero. Anandisinthiranso timaresistor tiwiri kuti ampulifaya izichulukitsa mphamvu yolowa kanayi, volt imodzi ya laputopu izikhala 4. Kuchulukitsa kopitirira apo kukanangokweza phokoso la pansi ndi kuchititsa kuti kachitsulo kokwezera mawu kazilumpha ndikangokakhudza. Atamaliza anavala mahedifoni, osaika nyimbo, n'kukweza mpaka kumapeto.

"Yayaka koma?" anafunsa, n'kusuzumira kagetsi. Inali itayaka.

Patapita masabata angapo ndinalandira zojambulidwa za mkulu wina wa ku Ntcheu amene anabwera kuno mu 1975, nthawi ya chiletso ija, pa ulendo wa selufu, wodziyendera wekha wopanda Wenela. Ankafotokoza za munthu amene anawatsogolera kudutsa m'dziko la Mozambique. Pamenepo mawu anatsika, n'kunena kuti, "Tinapangana pa mtengo." Chiganizo chotsatira chinamira m'kulira kwa tambala. Wochita kafukufuku, amene Chichewa anachiphunzira m'kalasi ndipo amachiyankhula bwino ndithu, anali atalemba kale m'mphepete kuti apa pali umboni wa ndalama zimene otsogolera anthu ankalipiritsa. Ndime yonse ya mutu wake inali itatsamira pa mawu amenewa.

Unali usiku, magetsi atapita, msewu uli chete. Ndinachotsa laputopu ndi ampulifaya kukhoma, n'kubwereza kachigawoko kasanu. Liwu la mkuluyo linkakwera pa "te". Wa pa msika sukwera choncho, umangoyenda chafulati. Unali mtengo wa masamba. Ndinalemba kuti anagwirizana zokakumana pa mtengo wina, n'kuika chizindikiro kuti ndatsamira pa kamvekedwe. Patadutsa mphindi 40 m'zojambulidwazo, akufotokoza zina, mkuluyo anatchula mlambe umene anagona pansi pake usiku woyamba akudikira munthu uja. Za ndalama sanatchule paliponse. Wofufuzayo anachotsa ndimeyo, mosakondwa kwenikweni.

Ampulifaya sinaikemo kanthu m'mawu amenewo. Kukwera kwa liwu kunalimo kale kuyambira tsiku limene anajambula pakhonde paja. Chimene kabokosiko kanachita ndi kupereka ma volt okwanira popanda kubweretsa phokoso lakelake, ndipo pa ntchito yanga sindikapempha china.

Ndikaweruka ndimamvetserako nyimbo, poti mahedifoniwa anapangidwira zimenezo. Kawirikawiri ndimabwerera ku zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950: bangwe, ng'oma, amayi akuimba pamtondo. Nkhokwe yake, International Library of African Music, anaikhazikitsa mu 1954 ku Roodepoort, kumadzulo kwa mzinda uno, pakati pa migodi yomweyi, isanasamukire ku Rhodes University mu 1978. Zimandiseketsa kuti kugunda kwa munsi kumene masana ndimalimbana nako kuti ndimve mawu a mkulu, usiku ndimakukhalira pansi n'kumakumvetsera. Pa zojambulidwa zakalezi ndiye mwina mavavu aja akanakoma. Ndikadzalemera ndidzaganizapo.

Vuto limene latsala ndi lakuti kabokosika kali ndi mphamvu zoposa zimene makutu angapirire. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvetsera pa ma decibel 80, ndipo ma decibel 3 aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati. Ine maola 40 ndimawakwanitsa pofika Lachisanu. Ndinatenga kyutekisi wofiira n'kudontheza kadontho pa kachitsulo kokwezera mawu, kuti dzanja lizidziwa polekezera.

Madala anga analibe kadontho. Makina obowolera mwala pansi pa mgodi amalira kupitirira ma decibel 100, ndipo iwo ankawagwira shifiti yathunthu, chaka ndi chaka. Ambiri mwa amene ndimawamvetsera ndi ogontha khutu limodzi kapena onse awiri. Wofunsa mafunso amayenera kuwayandikira n'kukuwa, ndipo popeza ndiye ali pafupi ndi maikolofoni, m'mahedifoni mwanga funso limabwera ngati bingu pamene yankho likubwera ngati mphepo ya m'udzu. Ndinazolowera kumvetsera kupuma kwa wofunsayo. Akangokoka mpweya ndimatsitsa, akamaliza ndimakweza kufika pa kadontho, kenako ndimadikira kuti agogo ayambe.